Mashoku a 4x4: ati oyenera katundu wanu ndi msewu wanu?

Mvula ikangoleka cha mu Epulo nkhani ya mashoku imayambika mu Lusaka muno, anthu akukonzekera kukatenga chimanga kumudzi, ena ulendo wa ku Kafue kapena ku Luangwa, ena angotopa chabe ndi galimoto yomwe yakhala ikugubuduka m'maenje a mu Kanyama ndi Chalala nyengo yonse ya mvula. Munthu wagula Hilux kapena Prado, wamva kuti mashoku omwe inabwera nawo ndi ofooka, ku shopu amuuza zina, amakaniko ake zina, pa Facebook zinanso. Pano ndayika mitundu yomwe munthu angaipeze ali mu Lusaka, zomwe mtundu uliwonse ukupatsani ndi zomwe ukulandani. Mitengo ya makwacha sindilemba chifukwa pafupifupi mashoku onse amachokera kunja ndipo mtengo umayenda ndi dola, ndingokuuzani kuti uwu ndi wodula bwanji poyerekeza ndi unzake.

Zoyenera kuona musanalowe mu shopu

Choyamba, ndipo apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira, shoku sinyamula katundu. Chimene chimanyamula ndi sipuling'i, kaya koyilo, kaya ma leaf, zitsulo zosanjikizana zija, a kumbuyo kwa Hilux ndi Land Cruiser 79, kaya torsion bar, ndodo yachitsulo yomwe imapotoka, ya kutsogolo kwa Hardbody kapena Land Cruiser 100. Shoku ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumphadumpha ikagunda bampu, kuti tayala likhale pansi ligwire msewu. Ngati galimoto yanu imagwada kumbuyo mukapakira matumba 15 a feteleza, amenewo ndi makilo 750, olo mutaika shoku yodula bwanji idzagwadabe basi. Vuto lanu ndi masipuling'i, yambani kumeneko.

Chachiwiri ndi kutentha. Mkati mwa shoku muli oyilo, pisitoni imamukankha kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo mphamvu yonse ya bampu imasanduka kutentha. Dzenje limodzi la mu tauni silitenthetsa shoku. Chimene chimaipha ndi msewu wa dothi wa timizeremizere tija ngati lata, makilomita ndi makilomita osapuma, galimoto yodzaza, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Oyilo akatentha amapyapyala, amayamba kuchita thovu, pisitoni ikungodutsa m'thovu popanda chogwira, ndiye mumamva galimoto ikuyandama, kumbuyo kukuthawira m'mbali pa kona, mabuleki akuchedwa kugwira chifukwa matayala akungodumpha. Kusiyana konse kwa mitundu ili m'munsiyi kwagona pa funso limodzi, shokuyo imatha bwanji kupirira kutentha. Ndiye dzifunseni moona mtima kuti pa chaka mumayenda kangati msewu wotero kwa ola lathunthu kapena kupitirira.

Chachitatu, katundu amene amakhala pa galimoto tsiku lililonse. Bulubala yachitsulo, winchi, batire yachiwiri, kanope, tenti ya padenga, thanki ya madzi, lita iliyonse ya madzi ndi kilo imodzi. Katundu wokhazikikayu ndi wosiyana ndi wa apo ndi apo. Makampani a mashoku a 4x4 amagulitsa masipuling'i malinga ndi makilo omwe galimoto imanyamula nthawi zonse, ndiye munthu akasankha olimba kwambiri poti mwina tsiku lina adzanyamula chimanga, miyezi khumi ndi umodzi yotsalayo amayenda mu Great East Road galimoto ilibe kanthu ikumugwedeza msana, ana kumbuyo akudandaula.

Chachinayi ndi kukweza. Ambiri akati ndikufuna mashoku abwino amatanthauza ndikufuna galimoto ikwere. Pa magalimoto omwe tayala lililonse la kutsogolo limayenda palokha, monga Hilux kuyambira ya 2005, Fortuner, Prado, Ranger, D-Max, malire abwino ndi mamilimita 40 mpaka 50. Mukapitirira pamenepo ma CV joint, majointi opititsa mphamvu ya injini ku matayala, amapendekeka kwambiri, ma ball joint a pamwamba amafika pamapeto, alayinimenti imavuta, muyamba kugula ma control arm ena, mikono yachitsulo yomwe imagwira tayala. Pa Land Cruiser 79, 80, 105 ndi Patrol Y61 zomwe zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo mutha kukweza kwambiri koma pamabwera nkhani ya caster (kupendekeka komwe kumathandiza chiwongolero kubwerera pakati), mapaipi a mabuleki ndi panhard rod (ndodo yoletsa ekiselo kusunthira m'mbali). Ndipo kutalika kwa shoku kuyenera kugwirizana ndi sipuling'i. Yayifupi imakokedwa mpaka kumapeto tayala likagwera m'dzenje, yayitali imagunda pansi bump stop, labala yoletsa chitsulo kugunda chitsulo, isanagwire ntchito, zonse ziwiri zimaswa shoku kapena kuthyola pomangira.

Chachisanu, onani kaye chomwe galimoto yanu ili nacho. Magalimoto ambiri mu Lusaka anachokera ku Japan ndipo ena ali ndi zinthu zapadera. Land Cruiser 100 zina zili ndi AHC, yomwe imakweza ndi kutsitsa galimoto ndi oyilo wa pulesha, Prado zina zili ndi ma air bag kumbuyo m'malo mwa makoyilo, zina zili ndi KDSS, yomwe imachepetsa kupendekeka pa kona ndi oyilo wa pulesha. Pa AHC simungangochotsa shoku n'kuika ina, mukufunika kusintha zonse pamodzi ndi makoyilo ndi ma torsion bar chifukwa oyilo uja amanyamulako gawo la kulemera kwa galimoto. Muuzeni wogulitsa nambala ya chasisi osati dzina la galimoto chabe.

Chomaliza, ikafera kutali mupeza kuti ina? Shoku ikaphulika muli ku Mfuwe, ku Chama kapena kutsidya kwa Kalabo, funso silikhala loti ndi ya dziko liti, limakhala loti kodi ku Chipata kapena ku Mongu muli shopu yomwe ili ndi ina yokwana pamenepo.

1. Mashoku ofanana ndi a fakitale

Awa ndi a mtundu wa twin-tube, chubu chamkati momwe mumayenda pisitoni ndi chakunja chosungira oyilo, ambiri ali ndi gasi pang'ono. KYB Excel-G, Monroe, Gabriel wamba, kapena enieni ochokera kwa dila wa galimoto yanu.

Mtengo: otsika kuposa onse atsopano, kupatula a kwa dila omwe nthawi zina amakwera mpaka kufanana ndi a gulu lachiwiri.

Kupezeka: paliponse. M'mashopu a ma spare mu tauni cha ku Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road, ku Kamwala, komanso m'matauni akuluakulu a m'zigawo. Ya Hilux simungaisowe.

Kasamalidwe: palibe. Ikatha mumataya, mumaika ina, nthawi zonse ziwiriziwiri, kumanzere ndi kumanja pamodzi.

Zoopsa: ziwiri. Pa msewu wa dothi wautali ndi katundu imatentha msanga chifukwa pisitoni ndi yaying'ono ndipo oyilo ndi wochepa. Chachiwiri ndi gong'a, bokosi lolembedwa dzina lalikulu koma mkati muli chinthu china. Mtengo ukakhala wotsika modabwitsa, nambala yodindidwa pa chitsulo isakugwirizana ndi ya pa bokosi, wogulitsa akukana kupereka lisiti, musiyeni. Koma ndinene izi, anthu amawanyoza mashoku awa mopitirira. Galimoto yomwe mashoku ake anafa kalekale mukaiikira KYB yeniyeni yatsopano kusintha kwake mumakumva musanatuluke pa geti ya galaja, ndipo ambiri omwe amati a fakitale ndi ofooka akuyerekeza shoku yodula yatsopano ndi yawo yomwe inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan zaka zapitazo.

2. Twin-tube yolimba ya 4x4

Kapangidwe ndi komweko koma zonse ndi zazikulu, pisitoni, shafuti, chitsulo chakunja, oyilo wambiri, gasi wa nayitirojeni woletsa thovu. Apa ndi pomwe pali Old Man Emu Nitrocharger Sport ya kampani ya ARB ya ku Australia, ma nitro gas a Dobinsons, ndi Gabriel Safari ya ku South Africa.

Mtengo: wapakati. Gabriel Safari ili kumunsi kwa gululi, Old Man Emu kumwamba. Kumbukirani kuti ambiri amagulidwa ngati kiti, mashoku anayi, makoyilo awiri, ma leaf awiri, mabushi, ma U-bolt, ndiye ndalama yonse imakwera osati chifukwa cha mashoku okha.

Kupezeka: m'mashopu a zinthu za 4x4 mu Lusaka mumawapeza makamaka a Hilux, Land Cruiser ndi Ranger. A Pajero, Surf kapena Patrol nthawi zambiri ndi oitanitsa ku Johannesburg, muwerengere thiransipoti, duty ndi VAT ya 16 peresenti ku ZRA, ndi masiku odikira. Kunja kwa Lusaka ndi Copperbelt musayembekezere kwambiri, koma ubwino wake ndi woti ngati simunakweze galimoto mopitirira, shoku wamba ya gulu loyamba ikhoza kukufikitsani kunyumba.

Kasamalidwe: pang'ono. Kuona mabushi, kutsuka matope, kuona ngati ikudontha. Kachinyezi pang'ono ka oyilo komwe kagwira fumbi pamwamba si vuto, koma oyilo akamatsika mpaka pansi pa shoku ndiye yatha. Ambiri a gulu ili sakonzeka, amangosinthidwa.

Zoopsa: imathanso kutentha, koma mochedwa kuposa ya fakitale, ndipo mukaima mphindi zingapo imabwerera. Chomwe ndimaikondera ndi chubu chakunja chija. Mwala ukachigunda n'kuchiphwanya pang'ono pisitoni sidziwa n'komwe chifukwa ili m'chubu chamkati. Mashoku a kumbuyo amalandira miyala yonse yomwe matayala a kutsogolo akuponya, ndiye kwa munthu wotsika Leopards Hill Road kupita ku Chiawa ndi Lower Zambezi kudutsa m'mapiri muja ichi si chinthu chaching'ono. Choopsa chenicheni pa gulu ili ndi kusankha sipuling'i yolakwika, osati shoku.

3. Foam cell

Iyinso ndi twin-tube koma m'malo mwa gasi anaikamo kachidutswa ka foam komwe kamafinyika shafuti ikalowa n'kubwerera ikatuluka. Popeza mulibe mpata wa gasi, shoku yonse imadzaza oyilo, ndipo mulibe mpweya woti usakanikirane naye. Mayina odziwika ndi Ironman 4x4 ndi Tough Dog, onse a ku Australia. Foam Cell Pro ya Ironman ili ndi pisitoni ya mamilimita 45 ndi shafuti ya mamilimita 20, mukainyamula m'manja kulemera kwake kokha kumakuuzani.

Mtengo: pafupi ndi gulu lachiwiri, zazikuluzikulu zimakwererako.

Kupezeka: Ironman ndi yodziwika kwambiri kuno kummwera kwa Africa ndipo kudzera ku South Africa siivuta. Tough Dog ndi yosowako.

Kasamalidwe: ngati gulu lachiwiri. Foam Cell Pro inapangidwa kuti itheke kutsegulidwa ndi kukonzedwa, koma funsani wogulitsa ngati iyeyo amachita ntchitoyo kapena ali ndi ma seal ake, apo ayi kukonzeka kwake kuli pa pepala chabe.

Zoopsa: thupi lake ndi lonenepa, pa magalimoto ena limayandikira sipuling'i, paipi ya buleki kapena ekizozi, ndiye makaniko aone mpata galimoto ili pansi komanso itakwezedwa. Foam nayo ili ndi malire, ikapsa kwambiri mobwerezabwereza imawonongeka ndipo siibwerera. Pa galimoto yopepuka yopanda katundu ena amaimva kuuma mu tauni. Pa 79 kapena Hilux ya ku famu yomwe imakhala yolemedwa nthawi zonse, kwa ine iyi ndi imodzi mwa zoyenera ndalama yake.

4. Monotube

Chubu chimodzi chokha. Pisitoni yayikulu, oyilo, kenako kapisitoni kena koyandama komwe kamalekanitsa oyilo ndi gasi wa pulesha yayikulu, moti thovu silipangika. Popeza oyilo akukhudza chitsulo chakunja mwachindunji, kutentha kumatuluka msanga ndi mphepo. Bilstein ya ku Germany ndiyo dzina lalikulu apa, B6 ya galimoto yosakwezedwa ndi 5100 ya yokwezedwa. Palinso Fox 2.0 ndi Dobinsons IMS.

Mtengo: pamwamba pa twin-tube zambiri koma pansi kwambiri pa gulu lachisanu.

Kupezeka: nthawi zambiri kuitanitsa. Samalani ndi kugula pa intaneti ku America, chifukwa zambiri kumeneko zinapangidwira Tacoma ndi 4Runner, ndipo Tacoma si Hilux, zomangira ndi kulemera zimasiyana.

Kasamalidwe: Fox ndi IMS zimakonzeka, Bilstein za mtundu uwu anthu ambiri amangosintha. Tsukani shafuti, onani kuti labala yoiteteza sinang'ambike.

Zoopsa: chubu chimodzi chija ndicho mphamvu yake ndiponso kufooka kwake. Mwala ukachiphwanya pisitoni imakakamira pamenepo, shoku yatha. Ngati mwasankha izi ikani zotchinga miyala kumbuyo ndi ma mud flap abwino. Chachiwiri imamveka yolimba pa timabampu tating'ono pa liwiro lochepa. Koma pa tala ndi pa dothi losalala galimoto imakhazikika bwino kwambiri, pa makona a m'mapiri muja pafupi ndi Luangwa Bridge mukamapita ku Chipata siipendekeka ngati kale, pa buleki mphuno siigwera pansi. Munthu amene maulendo ake ambiri ndi a pa tala, Lusaka mpaka Livingstone, Lusaka mpaka Ndola, kenako kadothi pang'ono kumapeto, amasangalala nayo.

5. Remote reservoir

Awa ndi aja ali ndi kabotolo kapadera kolumikizidwa ndi paipi. Ndi monotube yomwe gasi ndi kapisitoni koyandama anazisamutsira m'kabotoloko, ndiye oyilo ndi wambiri, malo otulutsira kutentha ndi ambiri, shoku imatha kuyenda mtunda wautali isanatenthe. Old Man Emu BP-51, King, Fox, Dobinsons MRR. BP-51 ili ndi chubu chotakata mamilimita 51 mkati mwake, komanso tinjira ta mkati tomwe timalola oyilo kulambalala pisitoni shoku ili pakati, moti imakhala yofewa pa mabampu wamba n'kulimba ikamayandikira kumapeto, ndipo mutha kusintha nokha kulimba kwake polowa ndi potuluka.

Mtengo: kangapo kuposa gulu lachiwiri. Pa Surf kapena Prado yakale ndalama ya kiti imeneyi imakhala gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse.

Kupezeka: kuitanitsa pafupifupi nthawi zonse. Imodzi ikafa simupeza inzake pa shelefu.

Kasamalidwe: apa ndi pomwe ogulitsa salankhula kwambiri. Mashoku awa anapangidwa kuti azichitidwa sevisi, kusintha oyilo, kusintha ma seal, kudzazanso nayitirojeni pa pulesha yoyenera, ndipo ena ali ndi ma bearing achitsulo m'malo mwa mabushi a labala, omwe fumbi lathu ndi matope zimawadya mpaka ayambe kugogoda. Ntchitoyi imafuna zida zake ndi munthu amene anaiphunzira, si makaniko aliyense wa pansi pa mtengo olo akhale katswiri wa injini. Musanalipire funsani mafunso atatu, sevisi imachitika pakapita makilomita angati, amachita ndani mu Lusaka muno, ndipo ngati ayenera kupita ku Johannesburg galimoto yanu ikhala ikuyenda pa chiyani masabata amenewo. Alipo ndithu anthu amene amasunga mashoku akale kuti aziika podikira, ndi nzeru yabwino, koma ndi ntchito yochotsa ndi kuika kawiri, ndi alayinimenti pamwamba.

Zoopsa: paipi ija. Ikakhudzana ndi tayala, chasisi kapena chitsa m'thengo n'kuboola, oyilo yense amatuluka ndipo shoku yafa nthawi yomweyo. Kuika kwake kumafuna munthu wosamala. Chinanso chomwe ndimachiopa kwambiri, galimoto imayenda bwino kwambiri pa dothi moti dalaivala samva liwiro. Shoku ikupirira koma matayala, ma bearing, chasisi ndi mabuleki ndi zomwe zija, ndipo m'misewu ya kumudzi muli ana, njinga, ngolo za ng'ombe ndi mbuzi. Koma zoona zake, kwa amene amathamanga maola ambiri pa dothi ndi galimoto yolemedwa, mlungu ndi mlungu, palibe mtundu wina umene umafika apa.

6. Mashoku a salaula ochotsedwa pa magalimoto ena

Mtengo: wotsika kwambiri. Kupezeka: kosavuta, m'mayadi ophwasula magalimoto ndi m'mashopu a ma spare akale. Kasamalidwe: palibe chomwe mungachite. Zoopsa: simudziwa yayenda makilomita angati, ndipo kuikankha ndi manja pa kauntala sikukuuzani chilichonse za momwe idzachitire ikatentha. Nthawi zambiri yakumanzere ndi yakumanja zimachokera pa magalimoto awiri osiyana. Yofikira nayo kumapeto kwa mwezi ndingamvetse, yopitira nayo ku Liuwa ayi.

Pa tsiku loika

Shoku yabwino yoikidwa molakwika imafa msanga kuposa yotchipa yoikidwa bwino, ndiye khalanipo pa galaja ngati mungathe. Mabawuti a mabushi a labala amangidwe komaliza galimoto itatsika pansi itaima pa matayala ake, osati ili pa jeki, apo ayi labala imapotoka n'kung'ambika pa miyezi yochepa. Shafuti isagwiridwe ndi pulayazi, kachipsera kamodzi kamadula seal. Ma strut a kutsogolo kwa Hilux, Prado ndi Ranger ali ndi koyilo yofinyidwa ndi mphamvu yoti ikhoza kupha munthu, pamafunika chofinyira chenicheni osati waya ndi jeki, chonde musalole mwana wa eni ake avulale pofuna kusunga kandalama. Mukakweza galimoto chitani alayinimenti tsiku lomwelo, konzani magetsi a kutsogolo asamaunike m'maso mwa anzanu, ndipo pa magalimoto akale omwe ali ndi valuvu ya mabuleki yolumikizidwa ku ekiselo ya kumbuyo, valuvuyo isinthidwenso chifukwa ikaona galimoto yakwera imachepetsa buleki ya kumbuyo ngati kuti mulibe katundu. Pakapita makilomita pafupifupi 500 bwererani akamangitsenso ma U-bolt. Dziwitsaninso a inshuwalansi anu, ndipo ngati galimoto ikadali pa waranti funsani dila kaye.

Chinthu china chaulere: pa dothi la mizeremizere tsitsaniko mpweya m'matayala ndi kuchepetsa liwiro, tayala limameza gawo la kugwedezeka lisanafike ku shoku. Mukabwerera pa tala pompaninso.

Manje ndani atenge ziti

Ngati galimoto yanu ndi ya mu tauni, kusukulu, kuntchito, kutchalitchi, kumudzi kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo mulibe bulubala kapena winchi, tengani gulu loyamba lenileni losakhala gong'a, sinthani mabushi onse, ndalama yotsala muike pa matayala abwino. Mukafuna kuonjezerako pang'ono popanda kukweza, Gabriel Safari kapena Bilstein B6.

Ngati muli ndi famu ku Chongwe, Mumbwa kapena Chisamba ndipo Hilux yanu imanyamula feteleza, mbewu, madiramu a dizilo, yambani ndi ma leaf oyenera makilo anu kenako foam cell kapena twin-tube yolimba. Ndipo kumbukirani kuti sipuling'i yolimba siikweza malire a katundu omwe analembedwa pa galimoto, ekiselo ndi mabuleki ndi zomwezo.

Ngati ndinu a maulendo a tchuthi, Itezhi-Tezhi, South Luangwa, Kasanka, ndi banja, tenti, firiji ndi madzi, gulu lachiwiri ndi kukweza kwa mamilimita 40 kapena 50 ndiko komwe ndingakulozereni mosakayika. Limapirira miyala, silifuna sevisi, ndipo likafa muli kutali mutha kuikapo china chongofikira.

Ngati maulendo anu ndi ataliatali pa tala, mukukoka ngolo kapena boti kupita ku Siavonga, monotube ikupatsani kukhazikika komwe mukufuna, ndi zotchinga miyala ngati mumapatukira ku dothi.

Ngati galimoto ndi ya ntchito yomwe imakhala m'thengo mwezi wonse, ya loji, ya migodi, ya mabungwe opita kumidzi yakutali, ndipo madalaivala amasinthana, foam cell yayikulu kapena twin-tube yolimba, magalimoto onse mtundu umodzi kuti shoku imodzi ya sipeya ikwane paliponse. Remote reservoir muitenge pokhapokha galimotoyo ili ndi dalaivala mmodzi amene amaisamala, mwapeza kale munthu wochita sevisi, ndipo mwayesa gulu lachiwiri kapena lachitatu n'kuona kuti likutenthadi pa misewu yanu.

Ngati muli ndi Land Cruiser 100 ya AHC kapena Prado ya ma air bag ndipo zikugwirabe ntchito bwino, zisiyeni, sinthani oyilo wa AHC pa nthawi yake ndi oyilo wake weniweni. Zikayamba kuvuta ndipo mumapita kutali ndi tauni, werengerani ndalama ya kiti yathunthu yosinthira ku makoyilo ndi mashoku wamba, muyerekeze ndi mtengo wokonza zomwe zilipo musanachotse bawuti ngakhale limodzi.